Dzina lanu likamadyetsa wina: ndikuyankha mayi a ku Ngabu

Lachitatu usiku, magetsi atathima, ndinali pakhonde kudikira kuti nyumba izizireko pamene kalata iyi inalowa pafoni. Ndaifupikitsa, koma mawuwo ndi a eni ake.

"Achimwene, ine ndimagulitsa nsomba zouma pamsika wa Ngabu. Mwezi watha foni yanga inangoti zii masiku awiri, netiweki osagwira. Ndinkayesa ndi vuto la kuno. Nditakafunsa anandiuza kuti nambala yanga inaswapidwa, ndipo K186,000 yopikulira nsomba inali itachotsedwa. Pasanathe masabata awiri kunabwera anyamata awiri panjinga yamoto, ochokera kubungwe lina lobwereketsa ndalama, akuti ndinatenga ngongole ya K400,000. Ine ku ofesi kwawo sindinapondeko. Anandionetsa fotokope ya chiphaso changa cha unzika. Chiphasocho ndili nacho, koma chaka chatha chinagona masiku anayi kwa mwana wa achemwali anga, amene anati akukandilembetsa pa thandizo la anthu okhudzidwa ndi madzi. Thandizolo silinabwere. Bambo akunyumba akuti tizingolipira pang'onopang'ono kuti anthu asiye kutiloza zala. Ndilipire? Ndikatenge chiphaso china? Nanga mwanayu ndimutani? Dzina langa musatchule. Takhuta."

Dzina sinditchula, mayi, ndipo pepani kwambiri. Ndiyambe ndi funso limene likukusowetsani tulo: musalipire. Ngakhale K2,000 yoti anyamatawo athirire mafuta, ayi. Bambo akunyumba ndikuwamvetsa. Njinga ija inaima pakhomo dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kale kumjigo. Zikatero munthu amafuna kungogula mtendere. Koma m'mabuku a obwereketsa mulibe mzere wolembapo kuti "analipira chifukwa cha manyazi". Amangolemba kuti mwayamba kubweza, ndipo wobweza ngongole amaoneka kuti waivomera. Tsiku limene mudzaimirire n'kunena kuti ine sindinatenge, adzakutulutsirani lisiti lanu lomwe n'kukufunsani kuti nanga apa munkabweza chiyani.

Anyamatawo musawatukwane. Iwo anangopatsidwa mndandanda wa mayina ndi njinga. Akabweranso apatseni mpando, afunseni mayina awo ndi nthambi imene achokera, mulembe, kenaka muwauze mawu amodzi okha: ngongoleyi ndikuikana, ndibwera ku ofesi ndi kalata. Chilichonse chimene angakupatseni kuti musaine kapena mudinde chala, ngakhale anene kuti n'chongosonyeza kuti anafika, musachikhudze.

Za chiphaso china, apa ndi pamene ambirife timasokonezeka. Timayesa zili ngati loko: akakubera kiyi umagula loko wina, nkhani yatha. Chiphaso cha unzika sichitero. Kakhadiko kangasinthidwe, koma nambala imene ili pamenepo ndi yanu mpaka kumanda. Mukapita ku ofesi ya NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika, pa boma pa Chikwawa n'kutenga khadi latsopano, libwera ndi nambala yomweyo, dzina lomwelo, tsiku lobadwa lomwelo, ndipo fotokope imene ili m'thumba la wakubayo izigwirabe ntchito ngati kale. Inu khadi muli nalo, choncho ndalamayo isungeni, ifunika pamaulendo. Amene chiphaso chawo chinapita ndi madzi kapena chinabedwa, amenewo inde, ayambire kupolisi kenaka ku NRB. Inu chimene chabedwa si pulasitiki. Wina wavala dzina lanu ngati malaya, ndipo ntchito imene ilipo ndi yomuvula, ofesi ndi ofesi, ponse pamene anakalowa nalo.

Kale dzina la munthu linkasungidwa ndi mfumu ndi anansi. Ukafuna kanthu kuboma, kalata ya nyakwawa ndi nkhope yako zinali zokwanira. Zinthu zinatembenuka mu 2017, pamene NRB inalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Mu 2018 a MACRA, oyang'anira makampani a mafoni, analamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe. Kuyambira apo kachiphaso kamodzi komweka kanasanduka kiyi wa nyumba, wa nkhokwe ndi wa khola lomwe: akaunti ya kubanki, Airtel Money kapena Mpamba, feteleza wa AIP amene anayamba mu 2020, Mtukula Pakhomo, ngakhale kulowa m'kaundula wa chisankho cha 2025. Ubwino wake ulipo, sindikana. Kungoti palibe anatikhazika pansi n'kutiuza kuti chinthu chotsegula zitseko zonsezi sichibwerekedwa ngati khasu.

Ndipo ife a kuchigwa kuno timachitulutsa pafupipafupi, chifukwa kulembedwa sikutithera. Madzi a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 uja anaononga damu la Kapichira, namondwe Freddy mu Malichi 2023. Nthawi iliyonse ndi makampu, mizere, makope. Munthu amene wagona m'kalasi masabata atatu, ana akulira njala, akaona wina wavala kajekete konyezimira, kope lili m'manja, samufunsa kuti wachokera kuti. Amangotulutsa chiphaso, achijambule kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuperekanso nambala ya foni. Olemba ambiri ndi oona, koma pakati pawo pamalowa afisi. Onjezani mavenda aja ozungulira midzi nyengo ya feteleza kugula ziphaso za anthu. Choncho musadzitche chitsiru, mayi. Munapereka chiphaso kwa mwana wa m'nyumba pa chifukwa chimene aliyense wa kuno akanaperekera.

Ndinakhalapo ejenti wa ndalama za pafoni pa Nchalo zaka zisanu ndi chimodzi, m'kakontena kotentha ngati uvuni, ndiye za kuswapa ndinene zimene ndinaona ndi maso. Kuswapa kunapangidwira zabwino: simu ikatayika kapena kuonongeka, mwini wake amapatsidwa ina ya nambala yomweyo, ndipo yakaleyo imafa nthawi yomweyo. Kufa kumeneko ndiye zii munamuona uja. Wofuna kuswapa amayenera kuonetsa chiphaso ndi kuyankha mafunso osonyeza kuti nambalayo ndi yakedi, monga manambala amene amaimbira kawirikawiri kapena mayunitsi amene anathira komaliza. Mlendo wa ku Karonga sangadziwe kuti inu mumaimbira ndani m'mawa uliwonse. Wodziwa ndi amene amabwereka foni yanu, kapena amene anakuimbirani masiku apitawo akudzitcha wa kukampani n'kukufunsani zomwezi mwaulemu. Nanga nambala yachinsinsi? Apa ndiye pondiwawa. Makasitomala ochuluka ankangondipatsa foni m'manja n'kuitchula mokweza, mzere wonse ukumva. Ndipo kawirikawiri inkakhala chaka chobadwa, chomwe chalembedwa pachiphaso pomwepo. Ngati yanu inali yotero, wakubayo sanatuluke ndi thukuta lomwe.

Ulendo woyamba ndi wa kukampani ya foni, ndipo ndikunena shopu yeniyeni ya kampaniyo, osati ejenti wa pansi pa mtengo ngati mmene ndinalili ine. Ejenti alibe mphamvu pa nkhani zotere. Nyamulani chiphaso chenicheni. Ngati nambala anakubwezerani kale, sinthani nambala yachinsinsi pomwepo, isakhale chaka chobadwa chanu kapena cha mwana. Kenaka pemphani sitetimenti ya akaunti yanu ya pafoni, kuyambira sabata imodzi foni isanazime. Pepala limenelo limaonetsa ola limene ndalama inatuluka ndi kumene inalowera. Funsaninso tsiku ndi malo amene kuswapako kunachitikira. Dzina la mwini nambala yolandirayo angakane kukuuzani, pakuti zotere amapereka kwa apolisi akabwera ndi chikalata, koma dandaulo lanu alilembe ndipo akupatseni nambala yake. Musachoke ndi mawu oti "tiona". "Tiona" alibe nambala, ndipo sabata yamawa wokuuzani "tiona" uja adzakhala ali patchuthi.

Pali funso lina limene simunandifunse, koma ndi limene likundiopsa kwambiri. Muwafunse kuti: pachiphaso changachi palembetsedwa manambala angati? Funsani ku Airtel, funsaninso ku TNM, ngakhale kumene mulibe simu. Mauthenga aja timalandira tonsefe, oti "ndatumiza ndalama molakwika, mundibwezere", kapena foni yoti mwana wanu wavulala kusukulu tumizani ya mankhwala msanga, akamberemberewo sawatumiza ndi simu za m'mayina awo. Amagwiritsa ntchito mayina a anthu ngati inu. Wina wa ku Mzuzu akaberedwa n'kukadandaula, apolisi n'kutsata nambala, njira imadzathera pakhomo la mayi wogulitsa nsomba ku Ngabu. Nambala iliyonse imene simukuidziwa itsekedwe tsiku lomwelo, ndipo alembe kuti mwaikana.

Za K186,000 ndisakunamizeni. Akuba otere sagoneka ndalama pafoni. Amaidumphitsa manambala angapo n'kukaitapa msangamsanga, ndipo kuilanditsa m'manja mwawo n'kovuta. Koma khomo lina lilipo. Ngati simu yanu inaperekedwa kwa munthu wina inu kulibe, chiphaso chenicheni chili m'chikwama mwanu, muli ndi ufulu wofunsa kampaniyo polemba kuti zinatheka bwanji. Akakuyankhani zosagwira mtima, kapena akangoti chete, nkhani ya simu imapita ku MACRA, pamene ya ndalama imapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira ndalama za pafoni pansi pa lamulo la Payment Systems Act la 2016. Konseko adzayamba ndi kukufunsani ngati munadandaula kaye kukampaniko. Nambala ya dandaulo ija ndiye yankho lanu.

Mukachoka uko, kupolisi. Ambirife pakhomo paja timapaopa, ndipo ena akuuzani kuti n'kutaya nthawi chifukwa wakubayo sagwidwa. Agwidwe asagwidwe, inu chimene mukufuna ndi pepala. Lipoti la apolisi ndilo lidzakulankhulireni m'maofesi onse otsalawo, ndipo lidzakutchinjirizeni tsiku limene nambala yachilendo ija idzabale mlandu. Yambirani papolisi yapafupi. Fotokozani nkhani ziwirizi padera, ya simu ndi ya ngongole, iliyonse ndi masiku ake. Asanadinde, liwerengeni kapena wina akuwerengereni, muone kuti nambala ya chiphaso, nambala ya foni, dzina la bungwe lobwereketsalo ndi kuchuluka kwa ndalama zalembedwa molondola. Lipoti longoti "anaberedwa ndalama pafoni" silikakuthandizani kwa obwereketsa aja. Kudzitcha munthu wina, kupeka siginecha ndi kutenga ndalama mwachinyengo, yonseyi ndi milandu m'malamulo a dziko lino, ndipo zochitika pafoni zili ndi lamulo lakelake la 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Wina aliyense akakuuzani kuti izi ndi zapachibale, kakambiraneni kunyumba, muyankheni mwaulemu kuti mwabwera kudzalembetsa mlandu. Mukalipira kanthu, tengani lisiti la boma. Lipotilo lijambulitseni makope asanu, lenilenilo lisachoke m'manja mwanu.

Tsopano kwa obwereketsa. Musapite ndi pakamwa pokha. Lembani kalata, makope awiri, ina muwasiyire, inayo adindepo chidindo ndi tsiku n'kukubwezerani. Sipafunika Chingerezi chapamwamba. Ingathe kungoti:

"Ine, mwini chiphaso nambala yakuti, ndikukana ngongole ya K400,000 imene yalembedwa m'dzina langa. Sindinaipemphe, sindinasaine, sindinalandire. Nkhaniyi ili kupolisi, lipoti ndi ili. Ndikupempha kuti muleke kundilonjerera ndi kuwerengera chiwongoladzanja kufikira mutafufuza, mundionetse fomu yofunsira ngongoleyi pamodzi ndi zonse zimene zinaperekedwa, ndipo mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14."

Fomu imeneyo ndiyo mboni yanu yaikulu, muiumirire. Ngongole sitengedwa ndi fotokope yokha. Pamakhala siginecha kapena chidindo cha chala, kawirikawiri chithunzi, mayina a mboni, chikole chimene chinalembedwa, nthawi zina kalata ya mfumu, ndiponso nambala ya foni kapena akaunti kumene ndalamayo inatumizidwa. Palinso dzina la wogwira ntchito amene anavomereza kuti wakuonani ndi maso. Siginecha munthu angathe kutsanzira, chala ayi. Ngati padindidwa chala, auzeni apolisi kuti mwakonzeka kuti achiyerekeze ndi chanu. Ndipo mayina a mboniwo muwayang'anitsitse. Zimachitika kuti wakuba sadzilemba ngati wotenga, amadziika pamzere wa mboni, kapena amaikapo mnzake wa pabawo. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limakupatsani ufulu wodziwa zimene bungwe likusunga zokhudza inu ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Ndiye akati fomu ndi yachinsinsi, afunseni kuti chinsinsi cha ndani, popeza iwo omwe akuti ndi yanu.

Adzakuopsezani kuti abwera kudzanyamula mbuzi, njinga, kapena kudzasasula malata. Musanjenjemere. Inu simunasainire chikole chilichonse, ndipo kulanda katundu wa munthu wotere kumafuna chigamulo cha khoti ndi asherifu, osati anyamata awiri panjinga. Akayesa, itanani mfumu ndi apolisi. Koma chisamani cha khoti chikabwera, chimenecho musachiike pansi pa mphasa. Pitani patsiku lake ndi mapepala anu, chifukwa wosabwera kukhoti amagamulidwa iye kulibe, ndipo kufafanizitsa chigamulo chotero ndi chintchito china. A Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu osakwanitsa kulipira loya. Nthambi ikamakuzengerezani, kalata yomweyo ipite kulikulu lawo. Kukakanika uko ipite kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa Reserve Bank. Ofesi yake ndiyo imapereka zilolezo kwa mabanki ndi mabungwe obwereketsa, ndipo imalandira madandaulo a anthu wamba. Ku Blantyre kuli nthambi ya bankiyi. Bungwe lolembetsedwa limaopa kalata yochokera kumeneko kuposa kukuwa kwanu konse. Likapezeka kuti ndi losalembetsedwa, ameneyo ndi wakatapila wovala tayi, ndipo apolisi azimve zimenezo.

Pali malo enanso amene dzina lanu lingakhale litadetsedwa inu osadziwa. Kuchokera pa lamulo la 2010, dziko lino lili ndi mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, amene ambiri amangoti CRB. Odziwika ndi Credit Data CRB ndi TransUnion. Mabanki ndi obwereketsa amatumizako mbiri ya amene akubweza ndi amene sakubweza, ndipo asanakongoze munthu amasuzumira kaye kumeneko. Ngati ngongole ija inatumizidwako, tsiku limene mudzafune ngongole yanuyanu yokuzira bizinesi mudzangomva kuti sizitheka. Pemphani lipoti la dzina lanu. Lidzakuonetsaninso ngati wakubayo anagogoda pamakomo ena, pakuti munthu akaona kuti kiyi watsegula, sayesa chitseko chimodzi chokha. Zolakwika zitsutseni polemba, lipoti la apolisi lija lili pambali, ndipo pakatha miyezi itatu mudzayang'anenso. Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi anzanga a m'minda ya nzimbe amene mukuwerenga izi, inu poyambira ndi papeyisilipi. Muziwerenga mzere uliwonse wa zodulidwa, osangothamangira pansi pokha.

Zonsezi ndi maulendo, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama komanso tsiku losagulitsa. Zina zithekera pa Nchalo kapena pa boma. Zina zifuna kuti muwoloke mlatho wa Kamuzu, mudutse pa Thabwa n'kukwera mapiri aja mpaka ku Blantyre. Ziunjikeni kuti mukwere kamodzi, munyamuke mbandakucha. Gulani kope limodzi la nkhani iyi yokha: tsiku, ofesi, dzina la amene mwalankhula naye, zimene wanena. Zimaoneka zachibwana kufikira tsiku limene wina adzati "simunabwerepo kuno", inu n'kutsegula tsamba. Mapepala onse akhale m'jumbo, jumbo m'ndowa yotseka, ndowa pamwamba. Kuno ndi kuchigwa. Chimene chiswe chasiya, madzi amadzatenga. Muwajambulenso pafoni n'kutumiza kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.

Ndiye tifike pa mwana wa achemwali. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndi pamene mwafika: mukamenya mwamphamvu muswa mkhate, mukasiya akutherani. Masiku anayi aja si umboni. Chiphaso chanu chajambulidwapo m'malo angati kuyambira 2017? Kusukulu kwa ana, kubanki, m'makampu, pakalembera wa feteleza. Mtima wanu ukumuloza, ndipo mwina ukulondola, koma mukamutcha wakuba pamaso pa anthu lero n'kudzapezeka kuti ndi wina, bala limenelo silidzapola, ndipo mlandu udzatembenukira inu. Ngati ndi iyedi, kumufunsa msanga n'kumuchenjeza: simu aiponya mu Shire, iye n'kulowera ku Mozambique, malire ndi apa pomwepa. Kupolisi nenani zoona zokhazokha, kuti chiphaso chinali kwa uje kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, pa chifukwa chakuti. Kumeneko si kumunamizira. Kenaka khalani phee, sitetimenti ndi fomu zilankhule.

Zikamuloza, abale adzasonkhana. Adzabwera amalume, adzabwera achemwali anu misozi ili mbwembwembwe, mwina nkhani idzafika kwa mfumu, ndipo mawu adzakhala akuti chibale ndi fupa sichiola, kachotseni mlandu kupolisi, mwana adzabweza akagulitsa thonje. Ine sindikuuzani kuti mumumangitse kapena ayi. Ndinu amene mudzakumana ndi achemwali anu pamaliro ndi paukwati moyo wanu wonse. Koma pa ichi chokha ndiumirira. Bwalo la mfumu lingathe kugamula kuti abweze, lingathe kuyanjanitsa mabanja, koma silingafufute dzina lanu m'kompyuta ya obwereketsa. Mukagwirizana zoti iye azikupatsani ndalama inu muzikapereka, ngongoleyo yasanduka yanu, ndipo thonje likakanika chaka chimenecho njinga ija idzaima pakhomo panu, osati pake. Apite yekha ku ofesiko, akavomere polemba, ngongole ichoke padzina lanu, bungwelo likulembereni kalata yodinda yonena kuti inu mulibe nalo ngongole ndipo lakonza mbiri yanu ku CRB. Kalata imeneyo ikalowa m'ndowa ija, za kukhululuka mudzakambe momasuka. Isanabwere, mlandu usachoke kupolisi. Adzakutchani wouma mtima. Nanga amene anakatenga ndalama m'dzina la mayi ake omwe, pakuti mchemwali wa mayi ndi mayi, mtima wake unali wofewa?

Manyazi amene akuvutitsa bambo akunyumba ali ndi mankhwala ake, osati kulipira. Nkhaniyi woyamba kuifotokoza mukhale inu. Pitani kwa amfumu ndi lipoti la apolisi. Pamsonkhano wa banki m'khonde imirirani, nenani kuti dzina langa labedwa, pepala ndi ili, asanayambe kunong'onezana zokuchotsani m'gulu. Amene mumapikulako nsomba kudambo la Elephant Marsh auzeni kuti uthenga uliwonse wopempha ndalama umene unachokera panambala yanu masiku awiri aja sunali wanu. Ngati muli pa WhatsApp, wodziwa foni akuthandizeni kuika nambala yachinsinsi yotetezera WhatsApp-yo, chifukwa wogwira simu yanu angathe kulanda ndi WhatsApp yomwe. Ndipo yembekezerani foni ina. Idzabwera ndi mawu ozuna, yoti ndife a kukampani, tamva za vuto lanu, tikubwezerani ndalama, tangotiwerengerani manambala amene alowa pafonipo. Ndi omwewo, abwerera kudzakunkha. Palibe kampani kapena banki imene imaimbira munthu kumufunsa nambala yachinsinsi. Dulani.

Ndisaiwale kanthu kena. Tsiku lina ndinagula zitumbuwa pasiteji, ndipo pepala limene anandikulungira linali fotokope ya chiphaso cha bambo wina, nkhope, nambala, zonse zikuoneka bwinobwino pakati pa mafuta. Mtsikana wogulitsayo anati mapepalawo amagula kwa munthu wina wosesa mu ofesi inayake. Kuyambira tsiku limenelo fotokope yanga siichoka m'manja mwanga ili yoyera. Ndimalemba ndi bolopeni modutsa pakati kuti "iyi ndi yotsegulira akaunti kwakuti, tsiku lakuti", n'kusaina. Ena amakwinya nkhope, koma palibe anandibwezapo, ndipo pepala lolembedwa choncho n'lovuta kukatengera ngongole kwina. Makope otsala pashopu yojambulira, ngakhale oonongeka, ndimatenga. Wolemba mayina aliyense, avale jekete lowala chotani, ndimamufunsa ngati mfumu ndi komiti ya m'mudzi akumudziwa, ndipo chiphaso amachiona ine ndili pomwepo. Sichigonanso kunja.

Bambo akunyumba muwawerengere zonsezi, ndipo Lolemba mupite nawo limodzi. Akadzionera okha wapolisi akulemba, zolipira aja asiya kuzinena. Ndalama imene amati muyambire kubweza ija ikhale ya minibasi ndi mafotokope. Fomu ija akakuonetsani mundilemberenso, mundiuze ngati padindidwa chala kapena pasainidwa, ndi nambala imene ndalamayo inalowera ngati mukuidziwa kapena ndi yachilendo.